Kadontho ka Pamwamba pa Nsanja

Lolemba, 18 Seputembala

Andigoneka lero masana, wodi ya abambo, bedi la pafupi ndi zenera. Mkazi wanga Iness wandigulira kope ndi bolopeni pamsika wa pa Boma pano, ati ndizilemba zimene madokotala akunena, chifukwa ine nkhani yoipa imalowera khutu ili n'kutulukira linalo.

Ndine Kalebe. Kwathu ndi ku Dedza, koma imvi zandimerera kuno ku Mzimba, m'nkhalango ya paini ku Luwawa. Ntchito yanga ndi yokhala pansanja ya moto. Ndimakwera makwerero m'mawa, n'kukhala pamwambapo ndi wailesi yam'manja, maso ali kunkhalango. Ndikaona utsi ndimaitana ozimitsa. Ntchito yake ndi yomweyo basi, koma imafuna miyendo iwiri.

Masabata apitawa ndinaponda chitsa chonyeka mkati, pamwamba chikuoneka chozima. Jombo inabooka, phazi lakumanzere linapsa, ine osamva kanthu. Ndinadzazindikira povula sokosi. Ati ndi shuga amene anapha mitsempha ya kuphazi. Tsopano zala ziwiri zada bii, ndipo fungo lake likundichititsa manyazi.

Shuga 410. Insulini m'mawa ndi madzulo. Jakisoni wa mankhwala opha tizilombo kamodzi patsiku, mankhwala ena otchedwa Fulajilo a m'diripi katatu.

Dokotala a Mzumara, mnyamata wamtali wosaseka, anatenga cholembera n'kuzunguza mzere pamwendo wanga, pamwamba pa akakolo, pamene pathera kufiira.

"Bambo, awa ndi malire athu," iwo anatero. "Kufiiraku kukabwerera pansi, tichotsa zala zokha. Kukawoloka mzerewu, tidzakamba zina."

Sindinafunse kuti zinazo ndi ziti. Ndine wamkulu.

Lachiwiri, 19 Seputembala

Shuga 350. Atsuka bala n'kudula mnofu wowola. Sindinamve ululu, ndipo kusamvako ndi kumene kwandiopsa.

Pakhoma loyang'anizana ndi bedi langa pali chithunzi cha m'galasi, chakale, mitundu yake inayamba kusuluka. Palibe mawu alionse. Pali nsanja yoyera yozungulira ngati nkhokwe yaitali, yoima pathanthwe pakati pa madzi. Mafunde akuda afika m'chiuno mwa nsanjayo, mitambo yatsika mpaka kukhudza madzi, ndipo pamwamba pakutuluka kuwala kwachikasu. Pansi chakumanzere pali kasitima kopendekeka, mbali ina yamira kale. Munthu wogona chagada alibe kwina koyang'ana.

Ndinauza Iness kuti imeneyo ndi nsanja ya moto ngati yangayo, kungoti chigumula chaipeza. Ndinamulozera kadontho kakuda pamwamba, pafupi ndi nyali, ndati mnzanga ndi uyo. Iness anatsinzinira diso limodzi n'kuti, "Bambo a Mtisunge, ndi manyi a ntchentche amenewo." Wodi yonse inaseka, ngakhale amene sakanayenera kuseka chifukwa cha mabala a m'mimba.

Woyamba kutsutsa anali mnansi wanga wa bedi la kumanja, a Zondwayo, bambo wachikulire wa ku Euthini. Akudwala mtima, miyendo inatupa ngati mitondo, ndipo sangagone chagada, ndiye amangokhala tsonga atatsamira mapilo, kuona zonse zochitika m'wodi muno. Anagwira ntchito ya m'maluwa kwa azungu ku Kepitauni, ndipo safuna kuti munthu aiwale zimenezo.

"Yayi, dada wa ku Dedza, si nsanja ya moto iyo," anatero. "Moto ungayake wuli pamadzi? Icho amati laitihausi. Ine ndachiona ndi maso awa. Nyali imayaka usiku wonse chifukwa cha sitima."

Ndati nanga munthu amakhalamo? Ati kale ankakhalamo, masiku ano ndi magetsi okha. Ndati chithunzichi n'chakale, ndiye kadonthoko ndi munthu. Mlandu watha wopanda woweruza.

Lachitatu, 20 Seputembala

Shuga 290. Thupi latentha. Ayeza malungo, sanawapeze.

Kufiira kuli pamzere penipeni, sikunatsike, sikunakwere. A Mzumara anadina ndi chala, kuyang'ana nthawi yaitali. Lero ndinalimba mtima n'kufunsa.

"Kukawoloka, tidula m'munsi mwa bondo," anatero. "Tikachedwa, tidula pamwamba pa bondo. Tikachedwa kwambiri, zilowa m'magazi. Munthu wokhala ndi bondo amayenda bwino ndi mwendo wopanga. Wopanda bondo amavutika."

Iness anali kokaphika kumalo a magadiyani, sanamve. Atabwera ndinamuuza kuti ati zikuyenda bwino.

Bedi la pakhomo analitchinga ndi makatani masana. Pambuyo pake ndinamva kulira kwa amayi kukutsika nako kukhonde. Palibe amene anadya bwino.

Lachinayi, 21 Seputembala

Shuga 270. Mzere uli chimodzimodzi.

Kunabwera amayi a mpingo a gulu la Umanyano, atavala zoyera ndi zakuda, atanyamula sopo ndi malalanje. Anaimba nyimbo ziwiri za Chitumbuka. Wowatsogolera, Mama Dyness, atamva kuti ndine Mchewa anasintha chilankhulo, ndipo ulaliki wawo anautenga pachithunzi chomwechi.

"Taonani, adada," anatero. "Namondwe uyu ndi matenda anu. Kasitima ako ndinu. Nyali iyo ikukuitanani. Musayang'ane mafunde, yang'anani nyali, lunjikani komweko, mbwenu mufika."

Ndikunena zoona, mawuwo anandikhudza. Ndinayang'ana kasitimako, mbali ina yomira, ndati ndine ndemwe, mwendo wakumanzere uli m'madzi. Misozi inalengeza.

Koma a Zondwayo amalankhula ngakhale mpweya ukuwathera. Anadikira amayiwo anene ameni, kenako anati, "Ndapota, amama, chonde musawaphetse anthu. Sitima yolunjika kunyali ija imasweka. Nyali sinena kuti bwera kuno. Imati pano pali miyala, pita kutali."

Mama Dyness anawayang'ana ngati munthu amene wasuzumira mumphika wa eni. Ati zauzimu sizimveka ndi nzeru za ku Joni. A Zondwayo ati miyala siidziwa zauzimu. Amayiwo anawapatsabe lalanje lawo, koma laling'ono.

Ine ndili mbali ya Mama Dyness. Munthu wodwala amafuna kumva kuti bwera, osati choka.

Lachisanu, 22 Seputembala

Kwawoloka.

Ndinaona m'mawa, Iness atapita kukatereka madzi a tiyi. Ndinakweza bulangeti ndipo kufiira kunali pamwamba pa mzere, kukula kwake ngati chala chimodzi chopingasa. Ndinatseka, ndinatsegulanso, kunali pomwepo.

Ndilembe monga zinachitikira. Thonje la sipiriti limene anandipukutira pobaya insulini linali pakabati. Bolopeni yanga ndi yabuluu, ya a Mzumara ndi yabuluu. Ndinafufuta mzere wakale n'kulemba wina pamwamba pa kufiirako. Ndinadziuza kuti sindikunama, ndikungopatsa mankhwala nthawi yogwira ntchito. Mwina mawa kubwerera.

A Mzumara anali ku thiyeta tsiku lonse. Woyendera wodi anali dokotala wina amene sanauonepo mwendowu. Anawerenga zolemba, anayang'ana mzere, anati kufiira kuli m'kati mwa malire, pitirizani mankhwala. Anachita ntchito yake bwino lomwe. Akanadziwa bwanji?

Iness anali pomwepo, anamva yekha. Anawomba m'manja pang'onopang'ono n'kuti Mulungu ndi wabwino.

A Zondwayo sanandilankhule tsiku lonse. Mwina ndi mpweya.

Loweruka, 23 Seputembala

Shuga wakweranso, 340. Sisitala Phoebe, nesi wamkulu wa wodi ino, anandifunsa ngati ndikubisa shuga m'kabati. Ndinatsegula kuti aone. Zimene ndikubisa sizili m'kabati.

Kunabwera Goodluck, mnzanga wa gulu lozimitsa moto. Ati nyengo yavuta, mphepo ya Seputembala ikuwomba ngati yatumidwa, ndipo amene akukhala pansanja panga amaodzera. Ati akapitawo anena kuti malo anga akusunga, ndichire msanga. "Makwerero aja akukusowani, mdala," anatero. Ndinaseka naye. Makwerero amenewo ndi oima chilili, otalika kuposa paini wokhwima. Ndinaganiza za kuwakwera ndi mwendo umodzi, ndipo kuseka kunandithera.

Iness waphika nkhuku. Ati tikondwerere kuti mwendo wapulumuka. Waimbira foni mwana wathu Mtisunge ku Lilongwe kuti asavutike kubwera, bambo ako akuchira. Ndinadya chiwalo chimodzi, chinandikhala pamtima.

Atatuluka kokatsuka mbale ndinayang'ananso. Kwawolokanso, tsopano zala ziwiri, ndipo katumba walimba, watentha. Ndalembanso mzere. Uno wachitatu wayandikira pakati pa msongolo.

Ndikuchita mantha. Mantha a mpeni ndi mantha a kukhala chete akulimbana, ndipo sindikudziwa aakulu ndi ati. Ndimayang'ana kasitima kaja, ndimati gwira pomwepo, mnzanga, kucha.

Lamulungu, 24 Seputembala

Ndikulemba madzulo, mutu ukuzungulira, koma izi ziyenera kulembedwa.

Ndinadzuka ndikunjenjemera, mano akugundana. Anandipatsa panado. Iness anapita kutchalitchi chapafupi kukathokoza. Ambiri m'wodi anali ndi alendo awo, phokoso lili ponseponse, ndipo ndi pamene a Zondwayo anapendekera kwa ine n'kuyamba kulankhula monong'ona.

"Dada wa ku Dedza, chithunzi chija ndachiganizira chomene. Kadontho kaja ndavomera, ndi munthu."

Ndati zikomo, mwachedwa kuona.

"Enya. Tsono mverani. Mzungu amene ndinkamulimira maluwa anali woyendetsa sitima wopuma. Anandiuza kuti nyali ikazima si ngozi yaikulu. Woyendetsa amadziwa kuti sakuona, mbwenu amayenda pang'onopang'ono, amasamala. Ngozi ndi nyali yosunthidwa. Ikayaka pamalo amene si pake, iye amakhulupirira, amathamanga ndi mtima wonse, mpaka pamwala."

Anakoka mpweya, chifuwa chikulira. Ine ndinali nditadziwa kale kumene akupita, koma munthu wa diripi alibe kothawira.

"Amama aja anakunamizani mwachikondi," anapitiriza. "Inu si sitima yayi. Sitima ndi adokotala aja, ndi anesi, ndi mama wa kunyumba kwanu amene wapha nkhuku. Onse akuyendera nyali yanu. Inu ndinu kadontho. Munanena nokha tsiku lija kuti ndi mnzanu."

Ndinakwiya. Ndati mwendo ndi wanga, a Zondwayo, simudzakwera makwerero ndinu. Ati zoona. Ndati mukawauza? Ati yayi, ine si kapitawo wanu. Kenako anafunsa ngati munthu wosadziwa kanthu, kuti kodi kunsanja kwanuko mukaona utsi waung'ono mumadikira ukule kaye?

Lamulo la pansanja ndi limodzi, ndipo ndaliphunzitsa anyamata ambiri. Utsi ukaoneka umanena pomwepo, ngakhale atakhala ana ofukula mbewa, ngakhale akuseke pawailesi. Bola kusekedwa. Wapansanja sazimitsa moto, alibe madzi, alibe khasu. Chimene ali nacho ndi pakamwa.

Ndinayang'ana chithunzicho mpaka maso kuwawa. Masiku onsewa ndinkangoona kasitima, kumvera chisoni, kudzimvera chisoni. Lero ndinaona kuti mphuno yake siloza kunsanja. Ikuloza kunja, kumadzi akuya, kumene mafunde ali aakulu kuposa. Wojambulayo ankadziwa zimene a Zondwayo ankanena. Kuwala kukukakankhira kumene sikakufuna kupita, ndipo n'kumene kapulumukire.

Sisitala Phoebe akudutsa ndi tebulo la mankhwala, ndinawaitana. Mawu anatuluka ngati a pawailesi, osanjenjemera, sindikudziwa anachokera kuti.

"Sisitala, mzere uwu si wa adokotala. Ndalemba ndine, kawiri. Wawo unali apa."

Ndinaloza pamwamba pa akakolo. Anayang'ana pamene ndaloza, anayang'ana pamene pafika kufiira. Sanandikalipire. Anangoti, "Adada, mwatichita chiyani," n'kusiya tebulo lija pakati pa wodi, kuthamangira kufoni.

A Mzumara anafika atavala zakutchalitchi. Anadina katumba, anakwera ndi chala mpaka pansi pa bondo, anagwira m'mphechepeche. Anandifunsa kuti kuyambira liti. Ndati Lachisanu. Anatseka maso pang'ono.

"Lachisanu ndikanakulonjezani bondo," anatero. "Lero sindilonjeza. Ndikaona ndikatsegula."

Mawa m'mawa woyamba ku thiyeta ndine. Asintha mankhwala, awonjezera diripi, atenga magazi. Kuyambira usiku osadya kanthu.

Iness anabwera kuchokera kutchalitchi akuimba chamumtima. Ndinamuuza ndekha. Anamvetsera mpaka kumapeto, ataima, chikwama chili m'khwapa.

"Ndiye ine ndinkavina kutchalitchi uku inu mukuwola?" anatero. "Ndamuuza mwana asabwere. Mukanafa mawa, ndikanati chiyani kwa Mtisunge? Kuti bambo ako anafa akuchira?"

Sanalire. Anatenga mbale zija n'kutuluka, ndipo mpaka pano sanabwere.

Lolemba, 25 Seputembala

Kukucha. Andiveka chovala chotsegula kumbuyo. Iness wabwera, wakhala kumiyendo kwa bedi, sakundiyang'ana. Ndikupinda bondo ndi kuliwongola, kupinda ndi kuwongola, kuti ngati likupita lidziwe kuti ndinkalifuna.

A Zondwayo ati, "Yendani makora, dada." Machira afika.

Lachitatu, 27 Seputembala

Bondo lilipo.

Ndikulemba ndi pensulo. Bolopeni Iness walanda.

Lachisanu, 29 Seputembala

Shuga 190. Kutentha kwatsika kuyambira dzulo. Ululu ndi woopsa, makamaka kuphazi limene kulibe. Chala chachikulu chikundiyabwa, ndipo chili kudzala la chipatala. Phazi limene linali chete lili pathupi layamba kulankhula litachoka.

A Mzumara ati anadula pafupi kwambiri ndi bondo, kuposa mmene akanafunira. Chotsala n'chachifupi, ndipo opanga miyendo adzavutika nacho, koma n'chotheka. Bala sanalitseke lonse, akufuna aone kaye ngati kulibe mafinya. Ati tsiku limodzi lokha likanapitirira, tikanakamba za ntchafu. Anazunguza mzere watsopano pamwamba pa bandeji, wofiira ulendo uno, ndipo ananena akuyang'ana Iness kuti mayi, uwu muziuona ndinu. Ndikuganiza kuti anatsala pang'ono kuseka.

Mtisunge wafika dzulo. Walira, wandikalipira, wandimeta ndevu.

Za nsanja sindinafunse aliyense. Ndikudziwa. Ndinalira pang'ono masana, nditaphimba kumutu, ndipo palibe amene anandivundukula.

Lolemba, 2 Okutobala

Shuga 160. Bala ndi loyera, atseka lero. Mzere wofiira sunawolokedwe. Mnyamata wophunzitsa kuyenda wabweretsa ndodo ziwiri, ndayenda kuchoka pabedi kufika pakhomo, thukuta lili kamukamu.

A Zondwayo atuluka m'mawa. Miyendo yaphwa, mwana wawo wamkazi wabwera kudzawatenga, akakwera galimoto ya ku Euthini. Ndinafuna kuwathokoza ndi mawu akuluakulu, koma anandidula. Ati, "Yewo, dada, musandipatse ulaliki, ndine munthu wa lalanje laling'ono." Pakhomo anatembenuka n'kuloza kukhoma ndi ndodo yawo, ati muziwauza obwera kuti si tchalitchi, si nkhokwe, si nsanja ya moto. Ndati pang'ono ndi nsanja ya moto. Ati pang'ono.

Iness masiku onsewa wakhala akundisambitsa, kundidyetsa, kuyang'ana mzere m'mawa ndi madzulo, koma mawu ake ndi a ntchito okhaokha. Dzukani. Imwani. Tembenukani. Sindinamudandaule. Amene wathyola dzira sauza nkhuku nthawi yosiyira kulira.

Masana ano andisamutsira bedi la pansi pa chithunzi, kuti la pazenera agonepo wodwala watsopano. Iness atatha kupukuta kabati anaima ndi kansalu konyowa m'manja, akuyang'ana mmwamba. Anakoka mpando, anakwerapo, n'kuyamba kupukuta galasi. Fumbi linachoka, madontho ambiri a ntchentche anachoka, nyanja inaoneka yobiriwira kuposa mmene tinkaganizira. Anafika pamwamba pa nsanja, anapukuta, anathira malovu pakansalu, anapukutanso ndi chikhadabo.

Kadontho kaja sikanachoke. Kali m'kati mwa galasi, ndi utoto. Ukayandikira kali ndi mutu ndi mapewa, ndipo dzanja limodzi lagwira chitsulo cha m'mphepete.

Iness anatsika, anabweza mpando pamalo pake.

"Ndi munthudi, bambo a Mtisunge," anatero. "Koma akadzasunthanso nyaliyo, ndidzamukankhira m'madzimo ndine."

Kenako anakhala pambali panga n'kuika dzanja lake lozizira pabondo langa, ndipo bondolo linamva.